Galimoto ikamakana moto: kuyeza kaye, kugula pambuyo

Wamalonda amene wapikula matimati ku Lizulu m'bandakucha kuti akagulitse ku Lilongwe sakhala ndi nthawi yotaya. Dzuwa likakwera katundu akadali panjira, matimati amafewa, ogula amakhala atatenga kale kwa ena, ndipo mtengo umagwa. N'chifukwa chake zimapweteka dalaivala akamaponda moto koma galimoto n'kumangokwawa, injini ikulira bwinobwino, nyale ya check engine itayaka pa dashibodi.

Ambiri amathamangira kugula pampu ya mafuta, mapulagi kapena fyuluta. Ndalama ya mpamba imathera pa zipangizo zomwe zinali zabwinobwino, pomwe vuto lili pansi pa phazi la dalaivala.

Mmene chopondera moto chimagwirira ntchito

Magalimoto akale anali ndi kebulo yochokera pa chopondera moto kukafika ku injini. Ambiri mwa amene akubwera kuchokera ku Japan masiku ano, monga Nissan Note kapena Honda Fit yoyambira chaka cha 2007, alibe kebuloyo. M'malo mwake pa chopondera pali sensa imene imauza kompyuta ya galimoto kuti phazi laponda motani. Kompyutayo ndiyo imalamula kamota ka pa throttle body kuti katsegule njira ya mpweya. Kusuzumira kuseri kwa chopondera n'kokwanira kudziwa mtundu wake: pakaoneka soketi ya mawaya m'malo mwa kebulo, pamenepo pali sensa.

Mkati mwake mumakhala masensa awiri, kuti ina ikanama inzake iulule. N'chifukwa chake soketi yake nthawi zambiri imakhala ndi mawaya asanu ndi limodzi: awiri obweretsa magetsi a 5 volts, awiri a earth, ndi awiri obwezera uthenga ku kompyuta. Mauthenga awiriwo akapanda kugwirizana, kompyuta imachepetsa dala mphamvu ya injini pofuna kupewa ngozi. Amakaniko amati galimoto yalowa mu limp mode.

Zizindikiro zake

Galimoto imachedwa kuyankha ikapondedwa, imadukizadukiza pokwera mtunda, kapena imakana kupitirira liwiro lochepa. Nthawi zina ikazimitsidwa n'kulizidwanso imayenda bwino, kenako vuto limabwerera ikagunda bampu. Vuto lobwera n'kumapita chonchi kawirikawiri limaloza ku waya kapena soketi yolowa mphepo, osati sensa yeniyeniyo.

Kuyeza, kuyambira pa zosalira ndalama

Choyamba ndi kapeti. Ikapindika imatha kutsekereza chopondera kapena kuchigwira. Si nkhani yaing'ono: mu 2009 ndi 2010 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ku America pa nkhani ya makapeti ndi zopondera zokakamira.

Chachiwiri ndi batire. Injini itazima, batire yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6 volts, ndipo ikamalira magetsi amakhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Batire yofooka kapena mitu yake yochita dzimbiri imasokoneza kompyuta mpaka kunamizira sensa yabwino.

Chachitatu ndi soketi. Kiyi atazimitsa, soketi izulidwe n'kuonedwa ngati muli chinyezi, dzimbiri lobiriwira kapena timapini topindika. M'nyengo ya dzinja madzi ndi matope a ku nsapato amathera pamalo omwewa, chimodzimodzi madzi a otsuka galimoto.

Chachinayi ndi makina a diagnosis, amene amalumikizidwa pa soketi ya mabowo 16 pansi pa dashibodi. Makodi a P2122 ndi P2127 amatanthauza kuti uthenga wa sensa watsika kwambiri, P2123 ndi P2128 kuti wakwera kwambiri, pomwe P2138 ndiye kuti masensa awiri aja sakugwirizana. Kodi ya P2135 imaloza ku throttle body, osati ku chopondera. Mwini galimoto alembe kodiyo papepala asanalole kuti ifufutidwe. Adziwenso kuti kodi imangotchula njira ya magetsi imene yavuta. Sinena kuti sensa yafa.

Chachisanu ndi multimeter. Kiyi atatsegula koma injini isanalizidwe, makaniko aone ngati 5 volts ikufika pa mawaya onse awiri ndiponso ngati earth ili bwino. Ngati 5 volts palibe, kugula chopondera chatsopano sikuthandiza, chifukwa vuto lili pa waya, pa kompyuta, kapena pa sensa ina yogawana nayo magetsiwo. Kenako ayeze mawaya a uthenga wina akuponda pang'onopang'ono. Woyamba umayambira pakati pa 0.5 ndi 1 volt n'kumakwera mpaka cha m'ma 4 volts. Pa Nissan wachiwiri umakhala pafupifupi theka la woyamba, pomwe pa Toyota umakhala pamwamba pa woyamba ndi pafupifupi 0.8 volt. Chofunika n'chakuti manambala azikwera mosadumpha. Akagwa mwadzidzidzi pakatikati magetsi ndi earth zili bwino, sensa ndiyo yatha. Akamasintha pogwedeza mawaya, waya waduka mkati. Makaniko asabaye mawaya ndi singano, chifukwa kabowo kameneko kamadzalowetsa madzi.

Pogula china

Pa magalimoto ambiri sensa sigulitsidwa payokha, imabwera pamodzi ndi chopondera chonse. Wogula anyamule chakalecho kuti akafananitse nambala yolembedwa pamenepo ndi maonekedwe a soketi, popeza zopondera zofanana pamaso zimatha kutumiza manambala osiyana. Chikakhala chogwiritsidwapo kale ntchito, agwirizane ndi wogulitsa kuti chikakana adzachibweza, ndipo zimenezo zilembedwe pa lisiti. Magalimoto ena, makamaka a Nissan, amafuna kuti kompyuta iphunzitsidwenso malo a chopondera ntchito ikatha, choncho makaniko afunsidwe ngati wachita zimenezo.

Nawonso ogulitsa masipeyala apa pali phunziro lawo. Kufunsa kasitomala kodi imene makina atulutsa ndi nambala ya chassis asanatulutse katundu kumachepetsa zobwezabweza ndi mikangano ya pa benchi. Kasitomala amene wauzidwa zoona kuti akayezetse kaye mawaya ndi amene amabweranso.

Galimoto ikalowa mu limp mode panjira, dalaivala ayatse mahazadi, apatuke pamalo abwino, ndipo asayerekeze kupitirira lole kapena basi, chifukwa mphamvu imatha kuthawa ali pakati pa msewu. Ikathamanga yokha, aponde buleki mwamphamvu osasiya, aike giya pa N, aime kaye kenako azimitse injini. Ngati katundu ndi woola msanga, ndi bwino kumusamutsira m'galimoto ina n'kulipira mtengo wonyamulira. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi mpamba wonse wa ulendowo.