Mfuti ya Masewera ku South Africa: Zimene Lamulo Limalola ndi Zimene Zingakumangitseni

Loweruka m'mawa, mabwalo owomberako mfuti kunja kwa Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town amadzaza ndi anthu ovala zotseka m'makutu ndi magalasi, akupikisana kuboola mapepala ndi kugwetsa timbale tachitsulo. Mpikisano ukatha mumawaona atawerama, akutola zigoba za zipolopolo ngati amayi okunkha mtedza m'munda mokumba kale. Zigobazo sataya. Amapita nazo kunyumba, n'kukazidzazanso onga patebulo la m'galaja kuti sabata yamawa adzawomberenso.

Kwathu mfuti timaidziwa m'manja mwa msilikali, wapolisi, mlenje, kapena mbava. Akuluakulu ena akukumbukira gogodera, imene mwini wake ankaithira onga ndi kuisinja yekha. Koma zoti munthu n'kugula pisitolo kuti azisewera nayo monga mnzake amasewerera bawo, n'zachilendo. Komabe Amalawi ambiri a ku Joni amakhala pafupi kwambiri ndi masewerawa: amasesa galaja lomwe lija, amachapa buluku lomwe m'thumba mwake mwatsala chipolopolo, amayendetsa galimoto yonyamula chikwama cha mfuti. Ena akhazikika, ndipo akufuna kulowa nawo masewerawo. Kabuku aka ndi ka onsewa.

Lamulo lake

Lamulo lolamulira mfuti ku South Africa ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004. Choyamba choti muchimvetse n'chakuti kukhala ndi mfuti m'dzikomo si ufulu wobadwa nawo. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, Constitutional Court, linanena zimenezi momveka mu 2018 pa mlandu wa bungwe la South African Hunters and Game Conservation Association: ndi mwayi umene boma limapereka, ndipo lingaulande. Zimene mumaonera m'mafilimu a ku America zisiyeni ku America komweko.

Ndani angapemphe chiphaso

Musanafike pa chiphaso cha mfuti yeniyeniyo, pamafunika satifiketi yotsimikiza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti, imene kumeneko amaitcha competency certificate. Ndime 9 ya lamuloli imati wopempha akhale wa zaka 21 kapena kuposera apo, ndiponso akhale nzika ya South Africa kapena akhale ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Apa ndi pamene abale athu ambiri amathera. Pemiti ya ntchito, ya sukulu, kapena chidindo cha masiku ochepa cha pa Beitbridge sizikwanira, ndipo wolowera pansi pa waya ndiye asayerekeze n'komwe. Wina akakuuzani kuti ali ndi mnzake kupolisi amene angakukonzereni pepala, dziwani kuti mukugula mlandu ndi ndalama zanu.

Apolisi amafufuzanso mbiri yanu. Amene anapezekapo wolakwa pa mlandu wachiwawa, wa nkhanza za m'banja, kapena wogwiritsa ntchito mfuti molakwika, amakanidwa. Chimodzimodzi chidakwa, wosuta mankhwala ozunguza bongo, ndi munthu wodziwika kuti sachedwa kutukula dzanja. Amatenga zidindo za zala, ndipo angathe kufunsa akunyumba kwanu ndi anansi kuti ndinu munthu wotani. Ngati mayi a kunyumba anakatengapo chikalata cha khoti chowateteza kwa inu, nkhaniyo idzatuluka.

Njira yake imayenda motere. Mumayamba kusukulu yovomerezeka yophunzitsa za mfuti, kumene mumalemba mayeso a lamuloli ndi kuyesedwa kagwiridwe ka pisitolo. Mukapambana mumapita kupolisi ya dera lanu kwa wapolisi woona za mfuti, amene onse amangomutcha DFO, ndi fomu ya SAPS 517. Satifiketi ikatuluka mumagula mfuti, koma imatsala kusitolo komweko; simuchoka nayo. Kenako mumadzaza fomu ya SAPS 271, n'kulembapo kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira mfutiyo. Kunyumba mukhale mutamangirira kale kukhoma kapena pansi bokosi lachitsulo lokhoma lovomerezeka, chifukwa apolisi angabwere kudzaliona. Mapepala onse amapita ku likulu losunga kaundula wa mfuti ku Pretoria. Yankho limatenga miyezi. Sungani kope ya pepala lililonse ndi lisiti iliyonse, pakuti mafayilo amasokonekera m'maofesi a dziko lililonse.

Akakukanani, muli ndi ufulu wouzidwa zifukwa ndi wochita apilo ku Appeal Board pasanathe masiku 90.

Chiphaso chake chiti

Pali ziphaso zitatu zimene zikukhudza nkhani yathu. Cha ndime 13 ndi chodzitetezera, cha mfuti imodzi, ndipo chimakhala zaka 5. Cha ndime 15 ndi cha wosaka nyama kapena wosewera mwa apo ndi apo. Chimakhala zaka 10, koma pansi pa ndime imeneyi mfuti ya m'manja imaloledwa imodzi yokha. Cha ndime 16 ndi cha amene masewerawa anamulowa m'magazi, nacho cha zaka 10. Kuti muchipeze muyenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka la masewera owombera, monga South African Practical Shooting Association, ndipo bungwelo lilumbire kuti ndinu membala wochitadi masewerawo.

Kusiyana kwa ndime 15 ndi 16 kumaoneka pa zipolopolo. Munthu wamba saloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti iliyonse imene ali ndi chiphaso chake. Wampikisano angathe kumaliza zimenezo Loweruka limodzi, n'chifukwa chake malirewa sakhudza wa ndime 16.

Chiphaso chikamayandikira kutha, pemphani chatsopano kudakali masiku osachepera 90. Anthu zikwizikwi anagona pa tsiku limeneli, n'kudzuka ali ndi mfuti yopanda chiphaso m'nyumba. Mu 2022, pa mlandu wa kampani ya Fidelity Security Services, khoti la Constitutional Court lija linagamula kuti munthu wotere angapemphe chiphaso chatsopano cha mfuti yomweyo. Mpumulo ulipo, koma musaudalire. Lembani tsikulo pakalendala.

Kudzaza zipolopolo pakhomo

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: chigoba chamkuwa, onga, kamutu kamtovu kamene kamauluka, ndi kabatani ka kumatako kotchedwa primer, kamene kamayatsa ongawo kakamenyedwa. Mfuti ikalira zitatu zimatha, chigoba n'kutsala. Chigobacho ndicho chodula, ndipo chimatha kugwira ntchito kangapo chisanang'ambike. Ndiye munthu amagula makina opanira a Lee, RCBS kapena Dillon, sikelo yoyezera onga, ndi buku la miyezo, n'kumadzaza yekha.

Kodi n'zotchipadi? Pa zipolopolo zodula monga .45 ACP kapena .357 Magnum phindu limaoneka msanga. Pa 9mm, zimene zili mbwee m'masitolo, phindu pa chipolopolo chimodzi ndi lochepa, ndipo mtengo wa makina umabwerera pokhapokha muziwombera kwambiri. Eni masewerawa amaseka okha kuti palibe amene anasungapo ndalama ndi ntchito imeneyi. Amangowombera kawiri kuposa kale. Ine ndimawakhulupirira.

Lamulo limaletsa kupanga zipolopolo popanda chiphaso cha fakitale. Khomo lokhalo lotseguka ndi ndime 93, ndipo ndi lopapatiza: mwini chiphaso angadzaze zipolopolo zoti agwiritse ntchito mu mfuti yake yomwe ili ndi chiphasocho. Mawu ofunika ndi akuti "yake". Simungadzazire mlamu wanu, simungagulitseko mnzanu wa kukalabu kuti mubweze ya onga, ndipo simungadzaze za mtundu wa mfuti imene mulibe chiphaso chake. Kugulitsa zipolopolo kumafuna chiphaso cha malonda, ndipo kupatsa chipolopolo munthu wosaloledwa kukhala nacho ndi mlandu pawokha. Ma primer nawo ali ndi malire: osaposa 2,400 pa mfuti iliyonse, kupatula a ndime 16 ndi ena ololedwa mwapadera. Onga uli pansi pa malamulo enanso, a zinthu zophulika, amene amaika malire a kuchuluka kwake ndi kasungidwe. Funsani DFO kapena wogulitsa wovomerezeka musanaunjike zitini m'nyumba.

Mu 2021 boma linatulutsa bilu yofuna kusintha lamuloli, imene mwa zina inkafuna kuthetsa chiphaso chodzitetezera ndi kuletsa kudzaza zipolopolo pakhomo. Anthu anaikana mwaphokoso. Musanagule makina, funsani ngati ndime 93 ikadali momwe inalili.

Za chitetezo ndinena mwachidule, chifukwa kabuku sikangalowe m'malo mwa mphunzitsi. Onga wa pisitolo umalowa wochepa kwambiri m'chigoba, moti n'kosavuta kuthira kawiri osazindikira. Chipolopolo chotero chimaswa mfuti pamodzi ndi zala. Mukaiwala kuthira onga, kamutu kamakakamira mumpope wa mfuti, ndipo chotsatira chikawombedwa mpopewo umaphulika. Miyezo imatengedwa m'buku la opanga ongawo basi, osati kwa mnzanu wa pa Facebook. Fodya, mbaula ndi mowa zisayandikire tebulo limenelo. Ndipo mtovu ndi poizoni wosamveka kupweteka: fumbi lake limawononga ubongo wa ana, choncho sambani m'manja, ndipo ana asaseweretse zigoba. Onga si chinthu chochizolowera. Pa 3 September 2018, pafakitale ya Rheinmetall Denel Munition ku Macassar, pafupi ndi Somerset West, kunaphulika ndipo anthu 8 anafa, pamalo a akatswiri okhaokha.

Inu amene mulibe chiphaso

Gawo lino ndilo lofunika kwa ambiri mwa owerenga. M'lamuloli mawu akuti zipolopolo akutanthauza chipolopolo chathunthu kapena primer payokha. Kabatani kaja, kochepa ngati njere ya mphodza, mukapezeka nako m'thumba popanda chiphaso, mwapezeka ndi zipolopolo. Chilango cha kusunga zipolopolo popanda chilolezo chimatha kufika zaka 15 m'ndende. Pa mfuti yodzilowetsa yokha chipolopolo china ikalira, monga mapisitolo ambiri alili, lamulo lina la 1997 limaika zaka 15 ngati poyambira, pokhapokha khoti litapeza zifukwa zamphamvu zochepetsera.

Tsono mukamasesa galaja la abwana n'kupeza chipolopolo chagwera pansi, musachitole kuti mukaonetse anzanu, ndipo musachiike m'chipinda chanu. Aitaneni eni ake achotse okha. Chigoba chopanda kanthu, chowombedwa kale, lamulo silichiwerenga ngati chipolopolo, komabe kuyenda nacho ndi kudziitanira mafunso pa chipikisheni cha apolisi. Abwana akati, "Tandisungira kachikwama aka kuchipinda kwako," funsani zimene zilimo, ndipo ngati ndi mfuti kapena zipolopolo kanani mwaulemu. Akakupemphani kuti muzikoka chogwirira cha makina aja madzulo, kumbukirani kuti ndime 93 ikutchula mwini chiphaso, osati wantchito wake. Ntchito ikhoza kutha, inde, koma ntchito ina imapezeka msanga kuposa zaka 15.

Chimene mungachite mwalamulo chilipo. Ndime 22 imalola mwini chiphaso wa zaka 21 kapena kuposa kubwereka munthu wina mfuti yake, iye ali pomwepo akuyang'anira, pamalo oyenera. Choncho mnzanu angakutengeni ku bwalo lovomerezeka mukawombereko, ngakhale muli mlendo m'dzikomo. Mukamaliza mfuti ibwerere kwa mwini wake, ndipo gwedezani matumba anu musanatuluke pachipata.

Zikavuta

Mfuti ikabedwa kapena kutayika, mwini wake akanene kupolisi pasanathe maola 24 atazindikira. Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka, kuigwira mutaledzera, kuiwombera m'mwamba pakati pa nyumba za anthu usiku wa chaka chatsopano, zonsezi ndi milandu, ndipo khoti lingagamule kuti simuyeneranso kukhala ndi mfuti. Zikatero mumapereka mfuti, zipolopolo ndi ziphaso zonse kupolisi.

Mukamangidwa, ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko la South Africa imakutetezani ngakhale muli mlendo, ngakhale mulibe mapepala. Muli ndi ufulu wokhala chete, wouzidwa chifukwa chimene akumangirani, woonana ndi loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene makhoti sagwira ntchito. Wopanda ndalama apemphe loya wa Legal Aid South Africa. Kukhoti pemphani womasulira Chichewa. Musavomereze ndi mutu zinthu zimene mwazimva theka. Musasayine pepala limene simunalimvetse. Mungapemphenso kuti adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg.

Chiphaso sichiwoloka malire

Chiphaso cha ku South Africa chimathera pa malire a South Africa. Ku Malawi mfuti zili ndi lamulo lakelake, ndipo ziphaso zimachokera kupolisi ya Malawi. Pakati pali Zimbabwe ndi Mozambique, nawonso ndi malamulo awo. Chipolopolo chimodzi choiwalika m'chikwama cha katundu wopita kumudzi chingakugonetseni m'chitolokosi pa Beitbridge, pa Nyamapanda kapena pa Mwanza. Kwa abale a ku Britain nkhani ndi yaifupi: chichitikireni kuphedwa kwa ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, malamulo a 1997 analetsa anthu wamba kukhala ndi mapisitolo ku England, Scotland ndi Wales. Ofuna masewera owombera kumeneko amalowa kalabu yovomerezeka ya mfuti zazitali kapena za mpweya.