Alendo a ku koleji akabwera tsiku la mpira

Kusukulu za sekondale za kuno kwathu, kuyambira ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma, anthu ochokera ku makoleji safika kawirikawiri. Akafika sakhalitsa, amafulumira kuti akayendere sukulu ina dzuwa lisanalowe. Ahedi nawo safuna kudula maphunziro a m'mawa, ndiye alendowo amapatsidwa masana a tsiku la makalabu kapena la masewera. Apa mwana amasowa kolowera. Aphunzitsi a masewera akumufuna pabwalo, a YCS kapena a SCOM akukonzekera msonkhano, a sewero la ATEM akuloweza mawu, kunyumba nako abambo ananena m'mawa kuti aweruke msanga poti fodya wathyoledwa ndipo akudikira kusokedwa.

Inu makolo, musanagamule, dziwani chimene chimalowetsa mwana ku yunivesite m'dziko muno. Ku America makoleji ambiri amafunsa ngati wophunzira ankasewera mpira, ankaimba kapena ankatsogolera gulu. Kuno sizili choncho. Mafomu a mayunivesite 6 a boma, omwe ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, amadzera ku bungwe la NCHE, ndipo chomwe chimayang'anidwa ndi zotsatira za MSCE: makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6 paphunziro lililonse, komanso kukhoza bwino maphunziro amene kosiyo ikufuna. Chikho cha mpira sichichotsa pointi ngakhale imodzi. Choncho ngati tsiku la alendo lagundana ndi pulakatisi wamba, pulakatisiyo igonje. Pofunika kukambirana m'pamene pali mpikisano weniweni, monga fainolo ya m'zoni, mwana wanu nkukhala goloboyi yekhayo wa timu. Pamenepo akasewere, koma asiye mafunso ake kwa mnzake wodalirika ndipo aphunzitsi amusungire mapepala amene alendo asiye.

Chimene chimakwiyitsa aphunzitsi si kujomba ayi, koma kungozimiririka. Mwana akanene yekha pamaso, masiku akadalipo, osatuma mnzake. Mawu ake asachuluke: "Aphunzitsi, Lachitatu kukubwera a ku Bunda, ndimafuna ndikamve nawo. Ndidzabwezere pulakatisi Lachisanu?" Kwa akwaya kutchalitchi n'chimodzimodzi. Inu makolo, pamsonkhano wa PTA pemphani ahedi kuti tsiku la alendo lizilengezedwa pa asembule sabata yathunthu lisanafike, kuti uthenga uzifika kumudzi nthawi ilipo.

Kunena zoona, wopikisana naye wamkulu si mpira, ndi munda. February ndi March ndi miyezi yothyola ndi kusoka fodya, chigafa chili pakamwa pululu. Kuyambira April kuli kukolola chimanga, kuzula soya, kukumba mtedza, kusankha fodya ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ku Kanengo. Nyengo yomweyi ndi imene a Fomu 4 ali kalikiliki ndi mayeso a mock ndi kukonzekera a MANEB. Palibe akunena kuti mwana aleke kuthandiza makolo. Koma masana amodzi angathe kugulidwa: lembani waganyu, kapena gwirizanani ndi apabanja ina kuti akuthandizeni lero, inu mudzabweze mawa. Kwa mtsikana muchitenso kuganiza kawiri, chifukwa iye ndi amene amadzuka pakati pa msonkhano kuthamangira kumjigo, kuchigayo kapena kukatenga mwana. Tsiku limenelo ntchitozo agwire ena, ndipo ngati sukulu ili patali, mlongo wake amudikire ndi njinga kuti asaope mdima.

Ambiri amaganiza kuti misonkhano imeneyi ndi ya a Fomu 4. Ine ndimati wa Fomu 2 ndi wa Fomu 3 ndi amene amapindula kwambiri. Polowa Fomu 3 m'pamene mwana amasankha maphunziro, ndipo amene wataya Physics ndi Chemistry chifukwa anzake anamuopseza, wadzitsekera yekha khomo la udokotala ku KUHeS ndi la uinjiniya ku MUBAS. Kumva zimenezi kutatsala miyezi iwiri kuti alembe mayeso kuli ngati kuthira feteleza chimanga chitamasula kale. Masamu nawo amafunika pa makosi ochuluka kuposa momwe ana amaganizira, ngakhale a zaulimi ku LUANAR. Ngati ahedi aitana a Fomu 4 okha, mwana wa m'kalasi la m'munsi apemphe mwaulemu kukhala nawo kumbuyo.

Apite ndi kope, mafunso atalemberatu usiku pamodzi ndi inu kapena atsibweni ake. Alendo amakonda kufotokoza kukongola kwa nyumba zawo ndi ntchito zapamwamba zimene omaliza amapeza, koma zofunika kumva n'zina. Kosi yakutiyakuti imafuna maphunziro ati, pa giredi yanji? Amene anatengedwa chaka chatha anali ndi mapointi angati? Mwana wa ku CDSS yopanda labotale afunse mosachita manyazi kuti ndi makosi ati amene angalowe ndi maphunziro amene sukulu yake imaphunzitsa. Afunsenso za fizi ndi malo ogona, poti ambiri amakachita lendi kunja kwa mpanda, ndiponso za ngongole ya HESLGB, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015. Imeneyi ndi ngongole ndithu, imabwezedwa.

Makoleji omwe si aboma ndi amene amayenda kwambiri m'masukulu, chifukwa akufuna ophunzira. Ena ndi abwino. Funso loyamba likhale lakuti kodi koleji ndi kosiyo n'zovomerezeka ndi NCHE, ndipo ngati ndi za unamwino, kodi a Nurses and Midwives Council of Malawi amazizindikira. Mwana atenge nambala ya ofesi, osati ya m'thumba mwa mlendoyo. Wina akati tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atavala tayi.

Nanga kumene alendo safikako n'komwe? Muwalondole. Tchuthi cha pakati pa materemu, tsiku la m'kati mwa sabata, ndi nthawi yabwino chifukwa sikugundana ndi kalasi kapena kalabu. Namitete Technical College ili pakhomo pomwe kwa amene akufuna ntchito zamanja za pansi pa TEVETA. Nthambi ya NRC ya LUANAR ili cha ku Likuni, Malawi College of Health Sciences ili mumzinda pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ndipo Nalikule College of Education, yophunzitsa aphunzitsi a sekondale, ili kupitirira Kanengo, moti abambo opita kukaona mabelo angatenge mwana paulendo womwewo thiransipoti nkupepukako. Namwino wa ku St Gabriel's kapena wogwira ntchito ku Chitedze amene mumapemphera naye angamuuzenso njira imene iye anadzera.

Makalabu asathetsedwe onse. Mtsutso ndi sewero la ATEM zimanola Chingerezi, phunziro limene popanda kirediti yake mapointi ena onse sagwira ntchito, ndipo mpira umapumitsa mutu. Pofika Fomu 4 asankhe gulu limodzi, maudindo a ukaputeni kapena utcheya apereke kwa a Fomu 3 teremu yoyamba isanathe.

Madzulo a tsiku la alendo, mwana afotokoze zomwe wamva inu muli pompo, zisanaiwalike. Mapepala onse alowe mu envulopu imodzi. Ngati wakwanitsa zaka 16 ndipo alibe chiphaso cha unzika cha NRB, yambani kuchitsatira tsopano, ndipo onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi zimene analembetsa ku MANEB.