Atrazine M'nthaka: Zimene Zimatsala Udzu Ukafa

Atrazine ndi mankhwala opha udzu amene kampani ya Geigy ya ku Switzerland inatulutsa mu 1958, ndipo amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'minda ya chimanga, mapira ndi nzimbe. Amalowa m'chomera kudzera m'mizu n'kukatsekereza ntchito ya masamba yopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Chimanga chimatha kuswa mankhwalawa m'kati mwake, koma soya, nyemba, mtedza ndi mpendadzuwa mphamvu imeneyo zilibe. Apa ndi pamene mlimi wochulukitsa mbewu, amene amachita kasinthasintha, ayenera kusamala.

Kawirikawiri theka la atrazine limatha m'nthaka pakadutsa masiku pafupifupi 60, koma nthawiyi imasintha. Ntchito yaikulu yowaswa imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka, ndipo timafuna chinyezi ndi kutentha. Mvula ikasiya, nthaka n'kuuma kuyambira Meyi mpaka Okutobala, tizilomboti timafooka ndipo kuswako kumachepa kwambiri. Motero miyezi ya chilimwe siyenera kuwerengedwa mofanana ndi miyezi ya dzinja. Chaka chimene mvula yadukiza kapena yatha msanga, mankhwala otsala amakhala ambiri.

Mtundu wa nthaka nawonso uli ndi mbali yake. M'nthaka ya asidi, atrazine amasanduka msanga kukhala hydroxyatrazine, amene sapha zomera. Pamene pH yapitirira 7, kapena pamene pathiridwa laimu wambiri, amakhalitsa. Dothi lamakande ndi la manyowa ambiri limawagwira, pomwe m'nthaka yamchenga amatsika ndi madzi mpaka kufika m'zitsime. Ichi ndi chifukwa chake mayiko a European Union anawaletsa mu 2004, atapezeka m'madzi apansi mopitirira mayikulogalamu 0.1 pa lita.

Nyemba kapena soya zobzalidwa pamunda wotsalira atrazine zimamera bwinobwino. Vuto limaoneka chakudya cha m'njere chikatha: masamba akuluakulu amachita chikasu kuyambira m'mphepete, kenako n'kuuma. Nthawi zambiri mlandu umagwera mbewu ndi amene anaigulitsa, pomwe gwero lili m'dothi.

Alimi angayese munda wao asanabzale. Tengani dothi lapamwamba m'malo angapo, makamaka m'mphepete momwe wopopera amatembenukira, ndi lina la pamalo amene sanapoperedwepo. Bzalani nyemba m'zitini ziwiri, thirirani, ndipo yerekezani masamba pakatha milungu 3. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene akufuna kubzala nyemba zothirira atangokolola chimanga.

Inu ogulitsa zipangizo zaulimi, mlimi akafuna atrazine mufunseni mbewu imene adzabzale pamundapo nyengo yotsatira. Muwerengereni nthawi yodikira yolembedwa pa lebulo, mukumbutseni kusapyola muyeso, ndiponso kuti asatsukire sipuleya pafupi ndi chitsime kapena mtsinje.