Phunziro 27: Mlonda wa m'kompyuta

Ku Francisco Manyanga, mumzinda wa Tete, kuli mtsikana wina. Iye anayamba sukulu ali wamng'ono ngati inu. Ankakonda kuwerenga manambala.

Atamaliza kalasi 12, analowa sukulu yaikulu ya ISPT ku Matundo. Sukuluyi inakhazikitsidwa m'caka ca 2005. M'mawa uliwonse ankawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Kumeneko anaphunzira kulemba mapulogalamu. Pulogalamu ndi malangizo amene amauza kompyuta kapena foni zocita.

Tsopano akupitiriza maphunziro apamwamba. Akuphunzira kuteteza mapulogalamu kwa akuba.

Tsiku lina mng'ono wake anamufunsa kuti, "Acemwali, wakuba angalowe bwanji m'foni? Foni ilibe citseko!"

"Citseko cilipo," anayankha iye. "Amayi amasunga ndalama za ufa pa M-Pesa. Citseko cake ndi PIN. PIN ili ndi manambala 4."

"Nanga wakuba akangoyesa manambala onse?"

"Kucokera pa 0000 mpaka 9999 pali ma PIN 10 000. Munthu angatope. Koma kompyuta sitopa ai. Imayesa msangamsanga. Ndiye pulogalamu yabwino imawerenga zolakwa. Munthu akalakwitsa kangapo, imatseka citseko, gwa!"

Pulogalamu imene siwerenga zolakwa ili ngati nkhokwe yobooka. Makoswe amalowa. Mtsikanayu amafunafuna zibowo zotere wakuba asanazipeze. Amayesa apa, amayesa apo. Nthawi zina amatha sabata yathunthu osapeza kanthu. Akapeza cibowo, sauza anthu pamsika. Amauza eni pulogalamu kuti atseke.

Akuba otere alikodi. M'caka ca 2022 analowa m'makompyuta ena a boma la Mozambique, ndipo masamba ake a pa intaneti analeka kugwira nchito kwa kanthawi.

Koma akuba ambiri savutika n'kufunafuna cibowo. Amangoimba foni ndi mawu okoma: "Mayi, tiuzeni PIN yanu kuti tikuthandizeni." Amayi a mtsikanayu akamva zimenezi amadula foni. PIN yawo si 1234, ndiponso si caka cimene anabadwa. Ngakhale ana awo saidziwa.

Mafunso

Kodi mtsikanayu ankawoloka mtsinje uti popita ku sukulu?
PIN ili ndi manambala angati?
Akapeza cibowo m'pulogalamu amauza ndani?

Kunyumba: werengerani makolo anu phunziroli. Afunseni ngati munthu wacilendo anawapemphapo PIN pa foni, ndi zimene anamuyankha.