Nthambi ikalendewera pa waya wa magetsi

Anzanga, mphepo ya mvula yoyamba ija inathyola nthambi ya mango kwathu, n'kuisiya ikulendewera pamwamba pa mawaya a magetsi. Ine chikwanje ndinali nditatenga kale, paja kukwera mtengo ndiye kwathu. Amalume atandiona anakuwa: "Iwe, tsika msanga!" Ndinatsika monyinyirika.

Nkhani yake ndi ya Physics yomweyi. Mtengo wouma salola magetsi kudutsa bwino, koma nthambi yaiwisi ili ndi madzi. Ikakhudza waya, magetsi amatsata nthambiyo kufuna nthaka, ndipo iwe wogwira chikwanjewe ndiwe njira yake. Magetsi a m'nyumba ndi 230 volts, okwanira kupha munthu. Mawaya akuluakulu aja amanyamula 11,000 kapena 33,000 volts, ndipo pamenepo sufunikanso kukhudza, amalumpha okha ukayandikira kwambiri. Nsungwi yonyowa ndi makwerero achitsulo nazonso musaziyese zothandiza.

Amalume anaimbira a ESCOM, ife n'kuchotsa ana pansi pa mtengowo. Akatswiri atafika anayamba azimitsa kaye magetsi. Kenako anamanga nthambiyo ndi chingwe kuti igwere kutali ndi mawaya, n'kumaidula zidutswazidutswa kuyambira kunsonga. Chomwe ndinatolapo ine: amayamba kucheka kunsi kwa nthambi, kenako pamwamba, kuti khungwa lisang'ambike mpaka pathunthu.

Mukapeza waya wagwa pansi, musati wafa. Nthaka yozungulira imakhalanso ndi magetsi, ndiye chokanipo mokhwekhwereza mapazi ali ogundana, osathamanga.