Galasi la pa Zenera Likasweka: Mafunso ndi Mayankho

Madandaulo ambiri amene amisiri oika magalasi amalandira ndi okhudza ndalama: dipoziti yoperekedwa ntchito isanayambe, mtengo wosintha ntchito ili mkati, ndi galasi long'aluka patangopita masiku ochepa. Kabuku aka kakuyankha mafunso amene eni nyumba ndi ochita lendi amafunsa kawirikawiri.

1. Kodi woyenera kuitanidwa ndani?

Ngati lasweka ndi galasi lokha, pakufunika woika magalasi. Felemu yachitsulo ikapindika, ntchitoyo ndi ya wowotcherera. Yamatabwa ikadyedwa ndi chiswe, ndi ya kalipentala.

2. Podikira mmisiri, pachitike chiyani?

Ana atalikire, zidutswa zitoledwe ndi munthu wovala magolovesi, ndipo pabowopo patsekedwe ndi katoni kapena thabwa.

3. N'chifukwa chiyani mmisiri amafuna ndalama asanagwire ntchito?

Galasi limadulidwa motsatira muyeso wa zenera limodzi basi. Likangodulidwa, ogulitsa ambiri salola kuti libwezedwe, chifukwa pa zenera la munthu wina silingakwanepo. Amisiri ambiri a ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi alibe mpamba woti n'kuikiza pa katundu wa kasitomala aliyense. Akagula ndi ndalama zawo, mwini nyumba n'kusintha maganizo, galasilo limangokhala kuseri kwa chitseko.

Choncho dipoziti payokha si chizindikiro cha chinyengo. Nthawi zambiri imayenera kukwanira galasi, putty (phala lomatira galasi pa felemu) ndi thiransipoti. Ndalama ya ntchito yeniyeniyo ndi bwino iperekedwe mmisiri akamaliza, zenera litatsegulidwa ndi kutsekedwa onse awiri akuona.

4. Bwanji mwini nyumba akadzigulire yekha galasi?

N'zotheka, koma muyeso ukalakwika mlandu umagwera woyezayo. Mafelemu owotcherera pamanja nthawi zambiri sakhala ofanana mbali zonse. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayeza pamwamba, pakati ndi pansi, amatenga muyeso wochepa pa itatuyo, kenako amachotsapo mamilimita pafupifupi 3. Kampatako ndi kamene kamapulumutsa galasi likafufuma ndi dzuwa la mu Okutobala.

Galasi loperewera silingawonjezeredwe, ndipo kusenga mamilimita 2 pa lalikulu n'kovuta kwambiri. Galasi lolimbitsidwa ndi moto, limene likasweka limayoyoka tizidutswa ting'onoting'ono, silidulikanso n'komwe likachoka ku fakitale. Eni nyumba ena amalola mmisiri ayeze, kenako amapita naye limodzi ku sitolo n'kulipira okha. Njira imeneyi imachepetsa kukayikirana.

5. N'chifukwa chiyani mitengo imasiyana chonchi?

Kabukuka sikangatchule mtengo, chifukwa umadalira zambiri: kukula kwa zenera, mtunda, ndi mtundu wa galasi, kaya loyera, lakuda kapena losaonekera mkati la ku bafa. Kukhuthala nakonso kumasiyana, kuyambira mamilimita 3, 4, 5 mpaka 6, ndipo zenera lalikulu limafuna galasi lokhuthala. Magalasi ambiri amachokera kunja, motero Kwacha ikagwa, monga inachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ku sitolo sichedwa kusintha. Mtengo umene mmisiri wanena lero ukhoza kukhala wina pakatha mwezi.

Mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa amisiri awiri kapena atatu. Wotchipa kwambiri afunsidwe kuti aika galasi la mamilimita angati. La 3 ndi la 4 akalowa mu putty amaoneka chimodzimodzi, ndiye nthawi yoyeza m'mphepete mwa galasi ndi tepi ndi pamene lili pansi, lisanakwere pa felemu.

6. Galasi likaswekera m'manja mwa mmisiri, amalipira ndani?

Kawirikawiri amayembekezeka kulipira ndi mmisiri, ngati ndiye anayeza, kugula ndi kunyamula. Ngati mwini nyumba analitenga yekha pa kabaza n'kufika nalo lobenthuka pakona, nkhani imasintha. Mfundo imeneyi ikambidwe ndalama isanaperekedwe, ndipo ilembedwe ngakhale pa pepala la mu kope.

7. Lang'aluka patangopita sabata. Kodi mmisiri anaika galasi lachabechabe?

Mwina, koma si nthawi zonse. Mng'alu umasonyeza kumene wachokera. Woyambira pakati n'kufalikira mbali zonse umatanthauza kuti lamenyedwa ndi mwala, mpira kapena legeni. Woyambira m'mphepete nthawi zambiri umasonyeza kuti galasi linapanikizika: linali lothina, linakhala pa chitsulo popanda putty wapansi, kapena mmisiri sanapale dzimbiri ndi putty wakale. Zikatero mwini nyumba angapemphe kuti ntchito ibwerezedwe.

Putty watsopano amatenga sabata kapena kuposerapo kuti alimbe. Zenera lomenyetsedwa ndi mphepo, kapena ana obowola putty ndi zala, zingaononge ntchito yabwinobwino.

8. Nanga mmisiri akathawa ndi dipoziti?

Zimachitika ndithu. Mmisiri wodziwika malo amene amagwirira ntchito, kapena amene anakonzapo kwa aneba, savuta kumupeza. Satifiketi ya TEVETA imasonyeza kuti munthu anaphunzira, ngakhale alipo aluso ambiri amene anaphunzirira pa ntchito pomwepo. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni wa tsiku, ndalama ndi dzina la wolandira.

Kukambirana kukakanika, nkhani ikhoza kupita kwa amfumu a m'deralo, ku polisi ngati pali chinyengo choonekeratu, kapena ku bungwe la CFTC limene limamva madandaulo a ogula. Palibe angalonjeze kuti ndalama ibwerera yonse.

9. M'nyumba ya lendi, wolipira ndani?

Zimadalira mgwirizano wa lendi. Nthawi zambiri woswa ndiye amalipira, pamene galasi losweka ndi mphepo yamkuntho kapena felemu yadzimbiri limakhala la mwini nyumba. Wochita lendi adziwitse mwini nyumba asanaitane mmisiri, ajambule zeneralo pa foni, ndipo asunge lisiti ngati agwirizana zodzachotsera ndalamayo pa lendi ya mwezi wotsatira.