Mphaka Waubweya Wautali: Ndi Wamtundu Weniweni Kapena Wosakanizika?

M'matauni mwathu mabanja ambiri sakuweteranso mphaka makoswe okha, akumufuna kuti azikhala naye m'nyumba ngati wapabanja. Ogulitsa nawo aona mwayi. Amajambula kamwana ka mphaka kaubweya wambiri, n'kulemba pansi pake kuti "Persian weniweni", mtengo n'kukwera. Musanatulutse ndalama, dziwani ichi: ubweya wautali pawokha si umboni wa mtundu.

Ubweya wautali umachokera kuti?

Kutalika kwa ubweya kumatengera kachigawo ka DNA kotchedwa FGF5. Chibadwa cha ubweya wautali chimabisala. Kuti chioneke, mwana ayenera kuchilandira kwa mayi ndi bambo ake omwe. Mphaka amene wachilandira kwa kholo limodzi amakhala waubweya waufupi, koma amayenda nacho m'magazi. Amphaka awiri otere akakwerana, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amabadwa waubweya wautali. Choncho pusi wamba wogona kukhitchini akhoza kuswa kamwana kokongola kotere popanda Persian aliyense kudutsa pakhomopo.

Amphaka ochuluka zedi padziko lapansi alibe mtundu wolembedwa. Ambiri sitingawatchule n'komwe kuti osakanizika, chifukwa pa makolo awo palibe wamtundu ngakhale mmodzi. Anangoswana okha kuyambira kalekale, monga zichitira nkhuku zachikuda. Madokotala a ziweto amamulemba mphaka wotere kuti Domestic Longhair, ndipo dzinali limangofotokoza ubweya basi.

Zimene maso angakuuzeni

Mutengeni mphakayo mumuone cham'mbali, chifukwa mutu umanena zambiri kuposa ubweya. Persian ali ndi mutu wozungulira, mphuno yaifupi ngati yophwanyikira m'kati, makutu aang'ono otalikirana, miyendo yaifupi yonenepa. Maine Coon wa ku America ndi chimphaka chachitali thupi: wamphongo amalemera makilogalamu 6 mpaka 8, kukamwa kwake n'kwamakona, kunsonga kwa makutu kumatuluka timaubweya, ndipo amakula pang'onopang'ono mpaka zaka 3 kapena kuposa. Norwegian Forest amafanana naye, koma nkhope yake ndi yamakona atatu, ndipo kuchokera pamphumi kufika pamphuno ndi mzere wowongoka. Ragdoll, amene Ann Baker anayamba kumuweta ku California m'zaka za m'ma 1960, amabadwa woyera, kenako makutu, nkhope ndi mchira zimayamba kudera, ndipo maso ake amakhala abuluu moyo wonse. Turkish Angora ndi wochepa thupi, waubweya wosalala wopanda wina wokhuthala kunsi.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Ana a mphaka onse amayamba ndi maso abuluu, ndipo mtundu weniweni wa maso umayamba kuoneka patatha milungu 6 kapena 7. Timaubweya ta m'makutu ndi ta pakati pa zala, mchira wa chiyangayanga ndi ubweya wochuluka pakhosi zimapezekanso pa amphaka wamba. Maso angakuthandizeni kukana, mwachitsanzo mphaka wamkulu wa maso obiriwira sangakhale Ragdoll. Koma maso sangakuthandizeni kutsimikiza.

Umboni ndi pepala

Mitundu ya amphaka ndi nkhani ya posachedwapa. Chionetsero choyamba chachikulu cha amphaka chinachitikira ku Crystal Palace mu London mu 1871, ndipo anachikonza ndi Harrison Weir. Kuchokera pamenepo panabadwa mabungwe osunga kaundula wa makolo a amphaka: CFA ku America mu 1906, GCCF ku Britain mu 1910, ndi TICA mu 1979. Kufupi ndi kwathu kuno, oweta a ku South Africa ali ndi Southern Africa Cat Council. Mphaka wamtundu weniweni ndi amene iye ndi makolo ake analembedwa m'kaundula wotere, ndipo ali ndi satifiketi yoonetsa mayina ndi manambala a makolo mibadwo ingapo m'mbuyo.

Pemphani satifiketiyo muigwire m'manja. Onani dzina la bungwe, tsiku lobadwa, mtundu wa ubweya, ndiponso ngati nambala ya kachipangizo koikidwa pansi pa khungu, kotchedwa microchip, ikugwirizana ndi ya mphakayo. Khadi la katemera si satifiketi ya mtundu. M'khadimo nthawi zambiri mumalembedwa zimene mwini wanena. Pemphaninso kuona mayi wa kamwanako pamalo pomwe akukhala. Ngati akuti anachokera kunja, payenera kukhala chilolezo cha boma cholowetsera chiweto m'dziko. Oweta odalirika sapereka mwana asanakwane milungu 12 kapena 13. Wogulitsa akanena kuti mapepala abwera pambuyo, ife tikuti mumulipire mtengo wa mphaka wamba, kapena mumusiye.

Kunja kuli makampani oyeza DNA ya mphaka pogwiritsa ntchito malovu. Amangonena mtundu umene mphaka wanu akufanana nawo, sapereka satifiketi. Ndalamazo zingagwire ntchito yabwino kwa dokotala.

Kusamalira ndiko kwenikweni

Nkhani ya mtundu imatikhudza ife alangizi a ziweto chifukwa cha matenda. Persian amatha kutengera kwa makolo matenda a timatumba tamadzi mu impso, ndipo mphuno yake yaifupi imamuvutitsa kupuma, makamaka pa kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Misozi imatuluka pafupipafupi, moti m'maso mwake mumafunika kupukuta ndi kansalu konyowa tsiku lililonse. Maine Coon ndi Ragdoll amadziwika ndi matenda okhuthalitsa mnofu wa mtima. Ngati mukugula mmodzi wa amenewa, funsani ngati makolo ake anayezedwa.

Ubweyawo susamala za mapepala. Wamtundu ndi wamba omwe amafunika chipeso. Pesani kuseri kwa makutu, m'khwapa, pamimba ndi kumbuyo kwa ntchafu, kumene ubweya umayambira kumangana mfundo. Mfundo ikalimba imakoka khungu, pansi pake pamabisala utitiri ndi zilonda, ndipo mphaka amayamba kulusa mukamukhudza. Musaidule ndi sizasi, chifukwa khungu la mphaka ndi lopyapyala ndipo limalowa m'mfundomo. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamete ndi makina. Mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa opangira agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amapha mphaka, ndipo dibi ya ng'ombe isamuyandikire.

Kamwana kakakwana miyezi 3, kabayitseni katemera wa chiwewe, ndipo funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za mankhwala a njoka zam'mimba ndi nthawi yoyenera kufula wamphongo kapena kutseketsa wamkazi. A ku Lilongwe akhozanso kupita ku bungwe losamalira ziweto la LSPCA.